Tchopa wa pa Nambala 88

"Nyimbo zanu ndazisanja, bambo," anatero a Esnat akuchotsa memore khadi pa laputopu. "Pulogalamuyi imawerenga dzina la m'kati mwa nyimbo. Zonse zolembedwa kuti 'Za Sabata' yaziika pamodzi."

Amuna awo a Fabiano, akapitawo a pa esiteti amene ankayembekezera kusankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, anadzidzimuka. Pa pulogalamu yomweyo ndi pamene iwo anabisa nyimbo zawo za tchopa, n'kuzilemba kuti 'Za Sabata' ndi kuzipatsa manambala a m'buku la nyimbo.

Mpata wozichotsa sunapezeke. Abusa anali atalowa kale kudzawazonda, ndipo a Esnat anaika khadiyo mu sipika kuti alendo amveko zauzimu.

Ziwiri zinadutsa bwino. Pa yachitatu zinangobuka ng'oma, mawu Chilomwe chokhachokha.

"Akuti nambala 88," anatero a Esnat akuwerenga pa kagalasi ka sipika. "Koma m'buku langa mulibe ng'oma."

A Fabiano anazolika. Ukulu uja wapita basi.

Abusa anatsokomola, phazi likugunda pansi lokha.

"A Fabiano, apa mwalakwitsa," anatero. "Kwathu, pa khadi yanga, imeneyi ili pa 102."