Azakhali Sanali Papepala

"Nanga ine ndiime pati?" anafunsa azakhali, amene analera mkwatibwi kuyambira ali wakhanda.

Wojambula, mtsikana wa kamera yobwereka yemwe kanali koyamba kujambula ukwati, ankangowerenga papepala. "Makolo a mkwati! Anzake a kuntchito!" Azakhali sanaitanidwe. Wina anawasungitsa zikwama.

Patatha sabata, mtsikanayo anabweretsa zithunzi kunyumba kwa azakhali. Azakhali anapukuta m'manja, n'kuziona chimodzichimodzi mpaka chomaliza. Anapezamo chigongono chawo chokha, m'mphepete mwa chithunzi cha keke.

"Pepani azakhali, ndinangotsatira pepala lomwe anandipatsa."

"Analemba ndani?"

"Mkwatibwi."

Azakhali anazisanja bwinobwino, n'kumubwezera.

"Wajambula bwino, mwanangu. Mawa ndisintha loko wa chitseko, poti kiyi winayo ali ndi mkwatibwiyo."