Kochi wa M'buku la Mphenzi

Mipando inali itaikidwa mozungulira m'chipinda cham'mwamba cha laibulale. Mkulu wina anasankha wapafupi ndi chitseko. Aka kanali koyamba kufika pa gulu la owerengali, ndipo palibe amene anamufunsa dzina. Pamiyendo anafumbata buku lomwe aliyense anabwera nalo masana amenewo: mbiri ya Mphenzi, mayi amene anagwedeza dziko pa masewera a tenesi. Nkhani yonse Mphenziyo anafotokozera mlembi ndi pakamwa pake.

"Tiyambe ndi zomwe zakukhudzani," anatero mayi woyang'anira laibulale.

Namwino wina, yunifolomu ikadali m'thupi, sanadikire kulozedwa.

"Bambo ake aja! Ine ndalira, osanama. Munthu womudikira mwana pageti, kumutsuka manja otuluka magazi, kumuuza kuti mwanangu ukatopa usiye, mpira si moyo. Amuna otere anatha. Otsalawa ndi mathalauza chabe."

Anthu anaseka. Mkuluyo sanaseke.

"Ine ndikufuna mutu wachisanu ndi chiwiri," anatero dalaivala wa takisi, munthu wa matupi ake, mawu ngati injini yozizira. "Nkhani ya kochi."

Kuseka kunathera pomwepo. Mapepala anayamba kulira, aliyense akufunafuna malowo. Mutu umenewu unali wa kochi amene ankamenyetsa Mphenzi, ali kamtsikana, mpira pakhoma kuyambira mbandakucha, m'mimba mulibe kanthu. Kakaphonya, ankakagogoda zala ndi chogwirira cha laketi, chomenyera mpira chija. Tsiku lina katagonja pa mpikisano wa ana, anakasiya pabwalo kuti kayende pansi mpaka kunyumba, bondo litatupa.

Mkuluyo sanatsegule buku lake. Khomalo ankalidziwa. Ankadziwa mng'alu umene unali kumanzere kwake, umene unkapotoza mpira. Ankadziwanso phokoso la thabwa likagunda fupa la mwana.

"Komatu tisamaweruze ndi mtima wokha," anatero mphunzitsi wina wa magalasi. "Nkhanza n'zoipa, inde. Koma popanda munthu ameneyu, zikho zonsezi zikanabwera? Mwina lero tikanakhala tikuwerenga za wina."

"Aphunzitsi, muli ndi mwana wamkazi inu?" anafunsa dalaivala.

"Funso limenelo likuchokera pati?"

"Ine ndili naye. Chikho chake chiti chimene ndingasinthanitse ndi zala zake? Bukuli landikhumudwitsa pamodzi pokha: labisa dzina la chilombochi. Koma akuti a ku kalabu ya tenesi akumudziwa. Atangokwera galimoto yanga tsiku limodzi, sangafike kumene akupita."

"Tisaopsezane, chonde," anatero woyang'anira laibulale, koma mawu ake analibe mphamvu. Zinkaoneka kuti nayenso mutuwo unamudya m'mtima.

Mkuluyo anayang'ana chitseko. Kuponya phazi katatu kokha, akhala atatuluka. Koma anakhalabe pampando.

Namwino anakweza buku n'kuyamba kuwerenga mokweza: "Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene chala changa chinathyoka koyamba..."

"Zisanu ndi zitatu."

Mawuwo anangopulumuka. Mkuluyo anawamva ngati atuluka m'kamwa mwa munthu wina. Mitu yonse inatembenukira kuchitseko.

"Mwati chiyani, achikulire?" anafunsa namwino.

"Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndipo zinali zala ziwiri, osati chimodzi."

Mphunzitsi anavula magalasi, n'kutsegula masamba mofulumira. "Zimenezo mulibe m'bukumu."

"Mulibe."

Dalaivala anaimirira pang'onopang'ono. Mpando wake unalira pasimenti. Anayenda mosafulumira n'kukatsamira chitseko, mikono atapinda pachifuwa. Tsopano panalibe potulukira.

"Munalipo?"

"Ndinalipo."

"Tsiku lomwe anayenda pansi bondo litatupa?"

"Ndinamudutsa panjira. Sindinaime."

Namwino anagwira pakamwa. Mayi wina amene anali pafupi ndi mkuluyo anakoka mpando wake, ngati wakhala pafupi ndi njoka. Woyang'anira laibulale anatulutsa foni m'chikwama n'kuigwira m'manja, osadziwa woti amuimbire.

"Laketi ija," anatero dalaivala, mawu atatsika, "inali m'manja mwa ndani?"

Mkuluyo anayang'ana manja ake. Anali okalamba, amitsempha, ali pamwamba pa chithunzi cha Mphenzi akupsompsona chikho.

"Mwanga."

"Ndiye mwabwera kudzatani kuno? Kudzamva ngati tikuombereni m'manja? Munthu wopanda manyazi! Mwana wa eni ake, bambo ake akumulera ngati dzira, inu kumam'phwanya mafupa!"

"Musamukhudze!" anakuwa woyang'anira laibulale, poona dalaivala akusendera. "Muno si mumsewu."

Dalaivala anaima, mpweya ukutuluka ngati wathamanga. Chala chake chinali pafupi ndi mphuno ya mkuluyo.

"Nenani nokha, anthu onsewa amve. Nenani kuti kochi uja ndinu."

Mkuluyo anaimirira movutikira, atagwira mpando. Kwa nthawi yoyamba anawayang'ana onse m'maso, mmodzimmodzi.

"Kochi tinamuika m'manda bukuli lisanatuluke," anatero. "Mkazi wake pano satuluka m'nyumba chifukwa cha zimene anthu akunena. Komatu munthu uja sanamukwezerepo dzanja mwanayo, ngakhale kamodzi. Zabwino zonse mwawerengazo n'zake, zoipazo n'zanga. Mphenzi anangotisinthanitsa kuti andibise. Ine ndine bambo ake."