Timphira ta Bambo Valdomiro

"Nanga timphira tili kuti?" anafunsa bambo Valdomiro, akudziyang'anira pagalasi.

Dokotala Iracema anavula magolovesi n'kupumira m'mwamba. Wakhala maola awiri athunthu atawerama pakamwa pa dalaivala wa basi za mumzinda wa Recife ameneyu, kumata tizitsulo towongolera mano, ndiye kuthokoza kwake n'kumeneku?

"Ndinakuuzani kale, bambo. Tizitsulo tatsopanoti tili ndi kachitseko kogwira waya, sitifuna mphira. Kutsuka n'kosavuta, ndipo kuno muzingobwera mwa apo ndi apo."

"Komatu kondakitala wanga ali nato, tofiira ndi takuda."

"Kondakitala wanuyo nkhama zake sizitulutsa magazi ngati zanu! Mphira imasunga zakudya. Nyemba ndi ufa wachinangwa zikamakanirira pamenepo, mano n'kuyamba kugwedera, tidzawongola chiyani?"

Bambowo anatsitsa galasi. Anali munthu wamkulu, imvi zili mbuu.

"Adokotala, zaka makumi anayi ndakhala ndikuseka dzanja lili pakamwa. Ndikufuna aliyense wokwera basi yanga aone kuti Valdomiro akukonzetsa mano. Tizitsulo totuwati angatione ndani?"

Iracema anayang'ana kudenga, kenaka pakhomo, pomwe odwala asanu ankadikira. Anakoka kabati mwaukali n'kutulutsa kabokosi ka timphira komwe anasiya kukagwiritsa ntchito chaka chatha.

"Tiwiri tokha, pamano akutsogolo, tongokongoletsera. Ndikadzaona magazi, ndidzachotsa."

"Tinayi bwanji, adokotala?"

"Yasamulani, bambo, ndisanasinthe maganizo."