Malaya Ouma

Mvula ikukhuthuka panja, Tisauke anatsegula kope la amuna ake. A Yoramu, mphunzitsi wa pasukulu ya pafupi ndi Chalimbana, ankalembamo maulendo awo apanjinga, ati tsiku lina lidzakhala buku.

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. "4 Disembala 1956. Dzuwa m'mawa, matalala masana. Ndinausa kwa Olipa ku Nkomeshya." Patsamba lotsatira mitambo inachita bii pamtsinje wa Chongwe, ndipo Olipa yemweyo anaphika bowa. Dzina la iye mwini Tisauke analifunafuna mpaka kuchikuto, koma sanalipeze.

Belu la njinga linalira pabwalo. Anatseka kope lija.

"Amake Jonasi, mvula ya lelo yanimenya njira yonse!" anatero a Yoramu polowa.

Tisauke anawalandira chipewa, n'kuwakhudza paphewa. Malaya anali ouma gwa, akununkha utsi wa nyumba ina.

"Pepani, atate ake Jonasi," anatero motsitsa mawu, atatambasula dzanja. "Vulani niyanike."

A Yoramu anagwira batani lapakhosi, nangoima pomwepo osalimasula.