Nsapato Pakhomo la Mayi Adler

"Unamutsekera chitseko, Clinton! Mwana wa eni akuthamangitsidwa ndi zidakwa, iwe n'kukhoma loko!"

Deliwe ankakalipira mchimwene wake mumdima wa ku Cape Hill, dera lina la m'dziko la Angerezi, akukasiya mankhwala kwa Mayi Adler, Myuda wokalamba amene ankamusamalira. Dzulo lake mnyamata wa ku Sudan anagogoda kunyumba kwa Deliwe ndi Clinton. Tsopano anali m'chipatala, osalankhula.

"Asilamu amenewa ndi a mavuto," anatero Clinton. "Ndiluze viza chifukwa cha iyeyo?"

Deliwe anangotsonya. "Mwamuna wa viza!"

Pakhomo pa Mayi Adler anapeza nsapato zachimuna zakalekale, zitaikidwa bwinobwino ngati pamzikiti. Zinali zonyowa, chonsecho mvula sinagwe. Mayi Adler ankakhala okha.

Anawapeza ali pampando, akumwetulira.

"Bambo Belkacem abwera," anatero m'Chingerezi. "Msilamu wa ku Algeria uja anandibisa mosungira malasha ku Paris, asilikali a Nazi akusaka ana a Ayuda. Anawaombera n'kuwapha chifukwa cha ine."

Clinton anayamba kuseka, koma anasiya mwadzidzidzi. Wina ankagogoda. Sikunali kunja ayi. Kunali kuchipinda chapansi, kuseri kwa chitseko chimene chinakhomedwa ndi misomali kalekale.

"Akufunsa ngati muno muli munthu wotsegulira mnzake," anatero Mayi Adler.

Deliwe anacheuka. Nsapato zija zinali zitatembenuka, zikuloza Clinton. Kugogoda kunakula.

"Panjira paja pakamwa panali pako," ananong'ona Deliwe. "Akufunsa iweyo. Ayankhe!"