Nyimbo ya Kumsana

Khoma linayamba kupuma ngati chifuwa cha munthu, ndipo loya wina wamkazi anagwiritsa mkono wa mpando. Tiyi wa bowa wozunguza bongo amene mnzake anamupatsa masanawo anali atayamba kugwira ntchito.

"Usalimbane nazo," anatero mnzakeyo. "Zikabwera, ungozilandira."

Maluwa a pakapeti anasungunuka n'kuyamba kuyenderera. Kenaka anangozipeza ali khanda, ataberekedwa pamsana wofunda, wonunkhira sopo wochapira. Mwini msanawo ankakolopa uku akuimba chapansipansi, koma nkhope sankatembenuza. Loyayo analira mpaka bulauzi kunyowa. Zaka zonsezi ankati mayi ake ndi ouma mtima, ongodziwa kumugulira zinthu.

M'mawa mwake anakawapeza pabalaza akumwa khofi, ndipo anagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Amayi, mundikhululukire. Ndinkayesa simunkandikonda. Dzulo ndinakumbukira mmene munkandiimbira mutandibereka."

Anayamba kuimba kanyimboko. Mayiwo anaika kapu patebulo pang'onopang'ono.

"Ine msana unkandivuta, mwanangu, sindinakuikepo kumbuyo. Nyimbo imeneyo ndi ya mtsikana wantchito."

"Anapita kuti?"

"Tinamuchotsa. Unayamba kumuitana kuti amayi pamaso pa alendo."

"Dzina lake anali ndani?" anafunsa loyayo.

Mayiwo anayang'ana kudenga kwa kanthawi, milomo ikuyesa dzina ili ndi ilo osalitulutsa.

"Anadutsa ambiri m'nyumba muno. Akanakhala moyo bambo ako, mwina akanakumbukira." Anatenganso kapu yawo. "Koma wadya, iwe?"