Kamkombero Kabulauni

Tryness anapendeketsa kabotolo koyezera, nayamba kutsetsereza asidi m'mbali mwa galasi, dontho limodzilimodzi. Madziwo anali a pachitsime cha achimwene ake ku Mindolo, omwe ankasungunulira mkaka wa khanda lawo, Ndaona.

Achimwenewo, a Laston, anaima pakhomo la labu ya sukulu imene Tryness ankaphunzitsako, nsapato zikadali ndi dothi la kumanda.

Pamene asidi anakumana ndi madzi panaoneka kamkombero kabulauni, kowonda ngati ulusi. Chaka chilichonse ana a giredi 12 amaomba m'manja kakaoneka.

"Muli naitireti, achimwene," anatero Tryness. "Wambiri. Akuchokera m'chimbudzi chayandikana ndi chitsime chija. Ndi amene anadetsa milomo ya mwana mpaka mpweya kumuthera."

"Koma alamu ako amawiritsa. Nthawi ya kolera ija iwe wemwe unati aziwiritsa mpaka madzi atsale theka la poto. Sanaphonyepo tsiku."

Moto umapha tizilombo, koma naitireti sachoka ndi nthunzi. Madzi akamaphwa, iye amatsalira m'potomo, theka lija n'kukhala ndi ululu wa poto yonse. Zimenezi Tryness ankazidziwa kuyambira ku koleji.

"Ndiye sanalakwitse, eti?" anafunsa a Laston. "Ndikawauze chiyani? Sanadye chiyambire Lachitatu."

Tryness anaimika kabotolo pang'onopang'ono kuti kamkombero kasabalalike.

"Mukawauze kuti anachita zonse zimene ndinawauza."